Nkhungu Pakhoma: Siyani Kuthira Jik ndi Kupaka Penti, Mverani Kaye Izi

Ngati m'nyumba mwanu muli khoma lomwe mwalitsuka kale ndi Jik koma madontho akuda aja akungobwererabe, musachoke, vidiyoyi ndi yanu. Takulandirani nonse, a ku Lilongwe, a ku Chipata, a ku Tete, a ku Cape Town komwe mvula imagwa nthawi yozizira, ndi inu abale athu a ku UK amene mumayanika zovala pabalaza chifukwa kunja dzuwa kulibe. Lero tikukamba za nkhungu ya m'nyumba, momwe akatswiri amaifufuzira, momwe amaichotsera, ndi bodza limodzi lomwe likudwalitsa ana athu. Ngati ndinu atsopano, dinani subscribe pompano, tipitirize.

Zoyambirira tidutse mwachangu. Nkhungu ndi chamoyo, mtundu umodzi ndi bowa, ndipo ndi pachibale ndi chuku chomwe chimaononga chimanga ndi mtedza munkhokwe. Timbewu take tili mumpweya paliponse, simungatithe. Kuti imere imafuna zinthu ziwiri: chakudya ndi chinyontho. Chakudya m'nyumba ndi chambiri, fumbi, matabwa, siling'i, nsalu, nsapato zachikopa. Chomwe mungachilamulire ndi chinyontho basi. Malo akanyowa osauma mkati mwa maola 24 mpaka 48, nkhungu ikhoza kuyamba. Imabweretsa chimfine chosatha, kuyabwa maso, kutsokomola, ndipo imautsa mphumu. Kwa amene chitetezo cha m'thupi chatsika, kapena anadwalapo chifuwa chachikulu mapapo n'kutsala ndi mabala, mtundu wina wotchedwa Aspergillus ukhoza kumera m'mapapo momwemo. Kwathu kuno anthu otere si ochepa, n'chifukwa chake nkhaniyi sindiitenga mopepuka.

Tsopano bodza lija. Anthu amati, "Ukaona nkhungu, thira Jik, likauma upake penti, zatha." Ndimamva zimenezi kwa alandilodi, kwa amisiri, ngakhale kwa anthu ophunzira bwino, ndipo zimandipweteka mtima.

[Kamera pafupi ndi khoma lakuda kuseri kwa wodiropu]

Taonani khoma ili. Zakudazi ndi zapamwamba chabe. Pulasitala, njerwa, thabwa ndi siling'i zili ndi timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo nkhungu imalowetsa timizu take m'menemo. Jik ntchito yake yaikulu ndi kuyeretsa. Mukathira, mtundu wakuda uja umazimirira inu mukuona, khoma n'kuyera, mtima n'kukhala pansi. Koma tengani botololo muwerenge kumbuyo. M'mabotolo ambiri a pakhomo, mankhwala enieniwo, sodium hypochlorite, amangokhala magawo 3 mpaka 6 pa 100 alionse. Kwinako pafupifupi konse ndi madzi. Mankhwalawo amathera mphamvu pamwamba, madziwo ndiye amalowa mkati mwa khoma lomwe linali kale lonyowa. Zili ngati kutchetcha udzu m'nyengo ya dzinja mizu ili pansi: pakatha masabata ochepa, wamera kale.

Ndisaname, pali pomwe Jik amagwira ntchito. Pa matailosi, pagalasi, pasinki, pamalo osalala omwe samwa madzi, amapha ndithu. Koma ngakhale pamenepo, sopo ndi madzi ndi bulashi, kenako kuumitsa bwino, zimakwana. Bungwe loona zachilengedwe ku America la EPA limanena poyera kuti silimalimbikitsa kugwiritsa ntchito mankhwala ngati amenewa monga chizolowezi pochotsa nkhungu. Limanenanso china chomwe ambiri sadziwa: nkhungu yakufa imathabe kumudwalitsa munthu. Kupha sikokwanira, iyenera kuchoka m'nyumbamo.

Amayi, abambo, mvetserani apa, chifukwa apa pagona moyo. Musasakanize Jik ndi vinega, ndi mankhwala otsukira m'chimbudzi, kapena chilichonse chokhala ndi ammonia. Zimatulutsa mpweya wa poizoni womwe umaotcha mapapo, makamaka m'bafa yaing'ono yotseka chitseko. Mukaona vidiyo pa TikTok kapena pa Facebook ikukuuzani kuti musakanize kuti zikhale zamphamvu, idutseni.

Nanga penti? Apa ndiye pamandikwiyitsa kwambiri. Penti amabisa. Chinyontho chimakhala mkati momwemo, nkhungu ikudya kunsi, kenako penti uja amatupa, n'kuyamba kusupuka, zakuda n'kutulukiranso. Ndipo amene amalowa m'nyumba ya lendi yopakidwa kumene sadziwa kuti akugoneka mwana pafupi ndi chiyani.

Izi zinachitika ku Rochdale, kufupi ndi Manchester ku England. Banja lina lochokera ku Sudan linkakhala m'nyumba ya chipinda chimodzi chogona, ya bungwe la Rochdale Boroughwide Housing. Mu 2017 bambo wa m'nyumbamo anadandaula za nkhungu. Yankho lomwe anapatsidwa linali loti apakepo penti. Anapaka. Nkhungu inabwerera. Anadandaulanso, koma vuto lenileni silinakonzedwe. Mu December 2020 mwana wawo, Awaab Ishak, anamwalira patangopita masiku ochepa atakwanitsa zaka ziwiri. Mu November 2022 wofufuza za imfayo, Joanne Kearsley, anagamula kuti mwanayo anamwalira ndi vuto la kupuma lomwe linabwera chifukwa chokhala nthawi yaitali m'nyumba ya nkhungu, ndipo anati m'nyumbamo mpweya sunkayenda mokwanira. Eni nyumba ankaloza chala banjalo, kumati ndi kakhalidwe kawo. Ana athu ali m'nyumba zangati zotere lero? Choncho munthu akakuuzani kuti "ingopakani penti," mudziwe kuti sakukuthandizani.

Ndisanapitirire, ngati muli ndi m'bale ali ndi khanda m'nyumba yonyowa, mutumizireni vidiyoyi pa WhatsApp. Dinaninso like kuti ifike kwa anthu ambiri. Tiyeni ku masitepe.

Sitepe yoyamba, ndipo iyi ndiye ntchito yeniyeni: pezani komwe madzi akuchokera. Katswiri wabwino akalowa m'nyumba sayamba ndi mankhwala. Amazungulira kunja kaye, kuyang'ana denga, ngalande, mapaipi, ndi komwe madzi a mvula amathera. Kenako amatulutsa kachipangizo koyezera chinyontho m'khoma, ena ali ndi kamera yoona malo ozizira ndi otentha. Amafuna kusiyanitsa zinthu zitatu, ndipo inunso mukhoza kuyamba nokha.

Chinyontho china chimakwera kuchokera pansi. Mudzachidziwa chifukwa chimakhala m'munsi mwa khoma, kawirikawiri osapitirira mita imodzi, chili ndi mzere ngati pomwe panafika madzi, pulasitala akufumbutuka. Kwathu kuno chimavuta kwambiri m'nyumba zomwe pomanga anadumpha DPC, pepala lakuda la pulasitiki lija loyala pamwamba pa maziko. Anthu amalidumpha pofuna kupulumutsa ndalama zochepa, kenako njerwa zimamwa madzi chaka ndi chaka. Amene mukumanga panopa, imani pomwepo tsiku loyala DPC, muone ndi maso anu. Onaninso ngati dothi la panja kapena maluwa ogundana ndi khoma sizinakwere kupitirira mzere umenewo.

Chinyontho chachiwiri chimalowa kuchokera kunja kapena kumwamba: lata lobooka, msomali wosowa chotsekera, mng'alu pakhoma, paipi yodontha mkati mwa khoma la kubafa. Chizindikiro chake ndi banga limodzi lomwe limakula mvula ikagwa, kapena bwalo lofiirira pasiling'i.

Chachitatu ndi chomwe chimasautsa abale athu a ku UK ndi a ku Cape Town: khoma kuchita thukuta. Kuphika, kusamba madzi otentha, kuyanika zovala m'nyumba, ngakhale kupuma kumene, zonse zimathira nthunzi mumpweya. Nthunziyo ikakhudza khoma lozizira kapena galasi imasanduka madzi. Mukadzuka m'mawa n'kupeza zenera likuchucha madzi mkati, timadontho takuda tili m'makona a pamwamba, m'mbali mwa zenera ndi kuseri kwa wodiropu, dziwani kuti ndi chimenechi. Hita ya parafini ndi ya gasi yopanda potulutsira utsi zimaonjezera nthunzi.

Kanthu kena kakang'ono: ufa woyera womwe umatuluka panjerwa nthawi zambiri si nkhungu, ndi mchere wochokera m'khomamo. Palani pang'ono muike m'madzi, ukasungunuka ndi mchere. Komabe ukukuuzani kuti khomalo likumwa madzi.

Sitepe yachiwiri: konzani chimenecho. Itanani pulambala, khomani denga, kumbani ngalande. Musanachite izi, china chilichonse ndi kutaya ndalama.

Sitepe yachitatu: kodi muchotse nokha kapena muitane akatswiri? Muyeso wa EPA ndi uwu: ngati malo ogwidwa ndi ochepera pafupifupi mita imodzi mulitali ndi imodzi mulifupi, mukhoza kuchita nokha. Valani magolovesi, magalasi oteteza maso ndi masiki ya N95, osati yansalu. Ana, odwala mphumu ndi onse ofooka m'thupi atuluke. Tsegulani mazenera, tsekani chitseko cholowera zipinda zina. Musapale nkhungu youma ndi tsache, mumangouluza timbewu tija nyumba yonse. Nyowetsani nsalu m'madzi a sopo, pukutani, tsukani, nsaluyo muimange m'jumbo n'kutaya, ndiye muumitse malowo mpaka aume gwa.

Koma ngati malowo ndi aakulu, kapena fungo la chinyontho likumveka koma simukuona komwe likuchokera, kapena madzi omwe analowa anali osefukira kapena a m'chimbudzi, monga zinachitikira m'nyumba zambiri ku Blantyre ndi maboma oyandikana nawo nthawi ya namondwe Freddy mu March 2023, pamenepo pafunika anthu odziwa ntchito. Iwo amatchinga chipindacho ndi mapepala a pulasitiki, amaika makina okokera mpweya kunja kuti timbewu tisafalikire, amadula ndi kutulutsa zonse zomwe zamwa madzi, amayamwa fumbi ndi makina okhala ndi sefa ya HEPA, yomwe imagwira ngakhale tifumbi tating'ono kwambiri, kenako amaumitsa n'kuyezanso khoma asanalole penti. Siling'i yomwe yagwidwa, kapeti, matiresi omwe nkhungu yalowa mkati, zimenezi zimatayidwa. Ndikudziwa kuti matiresi ndi odula, zimawawa kutaya, koma siponji siyeretseka mkati.

Mumudziwa bwanji katswiri weniweni? Mufunseni funso limodzi: "Madziwa akuchokera kuti?" Akayankha ndi dzina la mankhwala, mutsanzikeni. Akangobwera ndi pampu kumwaza nyumba yonse n'kulandira ndalama, sanachotse kanthu. Apemphe kuona padenga, akulembereni zomwe wapeza ndi zomwe achite. Wina akakuopsezani kuti "iyi ndi nkhungu yakuda ya poizoni, lipirani tikaiyeze kaye," dziwani kuti mtundu wa nkhungu sudziwika ndi maso, ndipo bungwe la zaumoyo ku America la CDC silimalimbikitsa kuyeza koteroko mwachizolowezi. Ikhale yakuda, yobiriwira kapena yoyera, yankho ndi limodzi: ichoke, ndipo madzi atsekedwe. Vidiyo ya sabata yamawa tikamba za mafunso ofunsa mmisiri musanamupatse kakhobidi kalikonse, dinani kabelu kaja kuti isakudutseni.

Sitepe yachinayi, kupewa. Tsegulani mazenera m'mawa ngakhale kwa mphindi zochepa. Vundikirani mapoto pophika. Posamba yatsani fani kapena tsegulani zenera, chitseko cha bafa chikhale chotseka. Wodiropu ndi bedi zisagundane ndi khoma lakunja, siyani mpata woti dzanja lilowe. Timabowo ta mpweya tomwe amisiri amasiya pamwamba pa makoma musatitseke ndi nyuzipepala. Gulani kachipangizo koyezera chinyontho cha mumpweya, kamatchedwa hygrometer, muziyesetsa kuti kasapitirire 60 peresenti. Ku UK, makina ochotsa chinyontho mumpweya otchedwa dehumidifier amathandiza kwambiri m'chipinda choyanikira zovala.

Sitepe yachisanu ndi ya inu a lendi, makamaka a ku England. Imfa ya Awaab inabweretsa lamulo lotchedwa Awaab's Law, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 27 October 2025 m'nyumba za makhonsolo ndi za mabungwe a nyumba. Mukanena za chinyontho kapena nkhungu yomwe ingaononge thanzi, eni nyumba ayenera kufufuza mkati mwa masiku 10 ogwira ntchito, ndipo ngati ndi zoopsa zadzidzidzi, mkati mwa maola 24. Malangizo omwe boma la UK linatulutsa mu 2023 akunenanso kuti eni nyumba asamathamangire kunena kuti vutoli ladza chifukwa cha kakhalidwe ka wokhalamo. Ngati mukuchita lendi kwa munthu wamba ndipo sakumva, pitani ku khonsolo ya dera lanu, ku gawo la environmental health, ali ndi mphamvu yobwera kudzayendera nyumbayo.

Kaya muli ku Leeds, ku Johannesburg kapena ku Ndirande, musadandaule pakamwa pokha. Jambulani khomalo ndi foni, tsiku lioneke. Lembani uthenga kwa alandilodi mwaulemu, munene chipinda chake, liti zinayamba, ndi ngati pali wodwala, ndipo uthengawo musaufufute. Mwana akayamba kupuma movutikira kapena kulira m'chifuwa, musadikire yankho la alandilodi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mukauze adokotala kuti kunyumba kuli nkhungu ndipo muwaonetse zithunzizo.

Lembani m'munsimu mundiuze komwe mukuonera ndi mtundu wa chinyontho womwe mukuganiza kuti muli nawo, wokwera kuchokera pansi, wolowa kuchokera kunja, kapena wa thukuta. Mafunso okhudza DPC ndiwayankha m'vidiyo ya amisiri ija. Tionana sabata yamawa.