Chifukwa chake thiransifoma ya m'chaja yamakono ndi yafulati

(Pa sikirini: chaja yakale yolemera, pambali pake chaja yaing'ono ya laputopu)

Moni nonse owonera. Tayang'anani machaja awiriwa. Yakaleyi ndi yolemera koma imatulutsa mawati owerengeka chabe. Yatsopanoyi imakwana m'chikhatho, komabe imapereka mawati 65. Mukaitsegula, mwina simupezamo waya wokulungidwa ayi. Mupeza kachinthu kakuda, kafulati, kokhala pa bolodi. Kameneko ndiye thiransifoma, ndipo lero tiona chifukwa chake kamaoneka chonchi.

Waya ukakulungidwa n'kukhala koyilo, magetsi odutsamo amapanga mphamvu ya maginito, imene imasungika kwa kanthawi kenako n'kubwerera m'waya. Koyilo yotere ndiyo inductor. Mukaika makoyilo awiri pa chitsulo chimodzi, mphamvu imachoka m'koyilo yoyamba kulowa m'yachiwiri popanda mawaya awo kukhudzana. Imeneyo ndi thiransifoma, ndipo mfundo yake anaionetsa wasayansi wa ku England, Michael Faraday, mu 1831. Mphamvuyo imawoloka pokhapokha maginito akamasinthasintha.

Magetsi a pa soketi amabwerezabwereza ka 50 kapena ka 60 pa sekondi. Zili ngati kudzaza diramu ndi madzi: ngati maulendo ndi ochepa mufunika ndowa yaikulu, koma ngati mungathamange maulendo masauzande ngakhale kapu ikwanira. N'chifukwa chake chaja yakale inali ndi chitsulo chachikulu. Yamakono ili ndi thiranzisita imene imayatsa ndi kuzimitsa magetsi ka 100,000 kapena kuposerapo pa sekondi, ndipo mathiranzisita opangidwa ndi chinthu chotchedwa gallium nitride amatha kupitirira miliyoni.

Pa liwiro limeneli chitsulo wamba chimatentha msanga, chifukwa magetsi amayamba kuzungulira m'kati mwa chitsulocho. M'malo mwake amagwiritsa ntchito ferrite, chinthu chakuda cholimba ngati choumba, imene imakoka maginito koma siilola magetsi kudutsa mosavuta. Anaipanga Yogoro Kato ndi Takeshi Takei ku Tokyo mu 1930, ndipo kampani ya TDK inakhazikitsidwa mu 1935 kuti iziipanga yogulitsa.

(Pa sikirini: waya wodulidwa pakati, m'mphepete mwake mowala, pakati pakuda)

Tsopano mvetserani bwino, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Magetsi akamasinthasintha mofulumira, sayendanso m'waya monse. Amathawira kunja, ku khungu la waya, n'kusiya pakati pali zii. Akatswiri amati skin effect. M'kopa, pa 50 Hz, kutanthauza ka 50 pa sekondi, magetsi amalowa pafupifupi mamilimita 9, choncho waya wamba amagwira ntchito yense. Pa 100 kHz, kapena kuti ka 100,000 pa sekondi, amalowa mamilimita 0.2 okha. Pa 1 MHz, kapena kuti ka miliyoni pa sekondi, amalowa mamilimita 0.066, kufanana ndi kunenepa kwa tsitsi. Waya wonenepa wobulungira pamenepa ndi kuwononga kopa, chifukwa mbali yake yaikulu ikungodya malo.

Nanga kopa wa pa bolodi ya zamagetsi ndi wokhuthala bwanji? Kawirikawiri mamilimita 0.035 kapena 0.07. Mwaona kufanana kwake? Kopa wopyapyala koma wotambalala ndi amene magetsi othamangawa amafuna. Ine apa ndimachita chidwi kwambiri, chifukwa anthu ambiri amaganiza kuti akatswiri anangophwatalitsa thiransifoma kuti ikwane m'kabokosi, pamene magetsi eni ake ndi amene amasankha maonekedwe amenewa.

Kapangidwe kake n'kotere. Koyilo amaijambula ndi kopa pa bolodi ya magawo ambiri osanjikizana, gawo lililonse kuzungulira kamodzi kapena kangapo, ndipo timabowo tokutidwa ndi kopa timalumikiza magawowo. Bolodiyo amaiboola, zidutswa ziwiri za ferrite, chimodzi chooneka ngati chilembo E, n'kukumana kuchokera pamwamba ndi pansi. Imeneyi ndiyo planar transformer. Popeza ndi yotambalala, kutentha kumatuluka msanga. Komanso zonse zimatuluka m'fakitale zofanana ndendende, pamene koyilo yokulunga imasiyanako pang'ono ndi inzake.

Pali luso lina limene bolodi imapeputsa. Magawo a koyilo imodzi akaunjikana, maginito a gawo limodzi amakankha magetsi a gawo loyandikana nalo, kutentha n'kumachuluka. Katswiri wa zamagetsi P. L. Dowell anasonyeza masamu a vutoli mu 1966. Mankhwala ake ndi kusinthanitsa magawo: gawo la koyilo yoyamba, lotsatira la yachiwiri, kenako la yoyambanso. Maginito a magawo oyandikanawo amafafanizana, ndipo mphamvu yotayika imachepa kwambiri.

Koma musaganize kuti zimenezi zimabwera ulere. Mapepala awiri a kopa oyang'anizana, olekanitsidwa ndi kachinthu kopyapyala, ndi kapasita kale, chipangizo chimene chimalola magetsi osinthasintha mofulumira kuwoloka ngakhale mapepalawo sakukhudzana. Ndiye pamene mukuyandikizitsa makoyilo kuti maginito asatayike, mukutsegulanso njira yoti phokoso la magetsi liwoloke kuchokera kumbali ya soketi kupita ku foni yanu, mpaka kusokoneza wailesi kapena sikirini yokhudza ndi chala. Mukatalikitsa magawo, phokoso lichepa koma maginito ayamba kutayika. Wopanga ayenera kusankha poima, ndipo pamwamba pa zonsezi pafunika mpata wokwanira woteteza munthu ku magetsi a pa soketi. Mpata umenewu sungachepetsedwe chifukwa chofuna chaja yokongola, ndipo chaja imene yaunyalanyaza ndi yoopsa.

Mavuto ena ndi odziwikiratu. Thiransifoma yafulati imadya malo ambiri pa bolodi, koyilo singazungulire kambirimbiri, ndipo bolodi ya magawo ochuluka imadula. Kwa inu okonza zipangizo, koyilo yotere ikapsa m'kati simungaikulungenso. Yambani mwaona ngati ferrite yasweka kapena yamatuka, chifukwa imasweka mosavuta chaja ikagwa, ndipo kamng'alu kakang'ono kamasintha kagwiridwe ntchito kake.

(Pa sikirini: kunsi kwa purosesa ya kompyuta)

Liwiro likakwera kwambiri, ngakhale ferrite imatentha n'kulephera. Mu 2013 kampani ya Intel inaika gawo lotsitsa volteji m'kati mwa mapurosesa ake a Haswell, likugwira ntchito pa 140 MHz. Ma inductor ake analibe ferrite n'komwe, anali timizere ta kopa m'kabolodi kamene tchipi imakhalapo. Pa liwiro lotere mphamvu yofunika kusunga pa ulendo uliwonse ndi yochepa kwambiri moti koyilo yopanda chitsulo pakati imakwanira.

M'vidiyo yotsatira tidzatenga chaja ya gallium nitride n'kuyeza kutentha kwa thiransifoma yake ikamagwira ntchito.