Nyasa, Niassa, Nyanza: liwu limodzi pa mapu a maiko atatu

[Pakuoneka mapu a kum'mawa kwa Africa]

Tayang'anani mapuwa. Apa palembedwa Lake Nyasa, momwe a ku Tanzania amaitchulira nyanja yomwe ku Malawi imatchedwa Lake Malawi. Tsidya linali, ku Mozambique, kuli chigawo cha Niassa, likulu lake Lichinga. Kwerani chakumpoto mpaka ku Kenya, mupeza dera la Nyanza komwe kuli mzinda wa Kisumu. Kalembedwe n'kosiyana, koma liwu lake ndi limodzi, ndipo mumalitchula tsiku ndi tsiku: nyanja.

M'Chiyao amati nyasa. Aganda amati ennyanja, Anyarwanda amati inyanja, pomwe Asukuma a kumwera kwa Lake Victoria amati nyanza. Zonsezi ndi zilankhulo za banja la Bantu, ndiye liwuli ndi cholowa cha makolo amodzi, kungoti mtundu uliwonse unalipinda lilime mwakemwake. Tayesani kutchula pang'onopang'ono: nyanja, nyanza, nyasa. Mwamva? Chiyambi sichikusuntha, akusintha ndi mathero okha.

Kwa eni ake silinali dzina ayi. Linali liwu wamba, lotanthauza madzi aakulu. Munthu wobadwira m'mphepete mwa madzi otero akati ndapita kunyanja, ndani angamufunse kuti nyanja yake iti?

[Chithunzi chakale cha David Livingstone]

Alendo ndi omwe analisandutsa dzina. David Livingstone anafika pa nyanja ya Malawi mu 1859, natenga liwu la Chiyao lija n'kulemba Lake Nyassa. Mukalimasulira bwinobwino, ndiye kuti mkuluyu analemba kuti Nyanja Nyanja. Zoseketsa, koma zinakhazikika, moti mu 1907 Angerezi anatcha dziko lonse kuti Nyasaland, dzina lomwe linakhala mpaka pa 6 July 1964. Anthu omwe ankapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Rhodesia ndi ku Joni analinyamula dzinali pamsana, kumeneko n'kumatchedwa Manyasa, ngakhale ena mwa iwo anali asanaponde n'komwe mchenga wa kunyanja.

Kumpoto nako zinayenda chimodzimodzi. John Hanning Speke anaona nyanja yaikulu ija cha ku Mwanza mu 1858, n'kuphatikiza dzina la mfumukazi ya kwawo ndi liwu la eni dera: Victoria Nyanza. Samuel Baker anachita zomwezo mu 1864 pa nyanja ina, n'kuitcha Albert Nyanza.

Apa ndiye pali chinthu chomwe ine chimandisangalatsa. Chigawo cha Nyanza ku Kenya chinatenga dzina lake pa Victoria Nyanza ija, koma anthu ochuluka kumeneko ndi Aluo, omwe chilankhulo chawo si cha Bantu. Iwo nyanjayi amaitcha Nam Lolwe. Ndiye kuti anakhala zaka zambirimbiri m'chigawo chodziwika ndi liwu la anansi awo. Boma la Kenya linathetsa zigawo zotere mu 2013, komabe pakamwa pa anthu Nyanza akadalipo.

[Mapu abwereranso kumwera]

Liwuli linafika mpaka pa chilankhulo chomwe ndikuyankhulachi. Chinyanja ndiye kuti chilankhulo cha anthu a kunyanja. Ku Malawi boma linasintha dzinali mu 1968 kukhala Chichewa, koma ku Zambia ndi ku Mozambique akuchitchabe Chinyanja mpaka lero.

Nanga bwanji a ku Tanzania amakakamira Nyasa? Sikuti ndi chizolowezi chabe. Malawi ndi Tanzania sagwirizana pa malire a kumpoto kwa nyanja ya Malawi. Malawi imatsamira pa pangano la Britain ndi Germany la mu 1890, lomwe linaika malire m'mphepete mwa madzi mbali ya Tanzania, pomwe Tanzania imati malire adutse pakati. Kwa iwo, kulemba Lake Malawi pa mapu kuli ngati kuvomera kuti madzi onsewo ali ndi mwini mmodzi. N'chifukwa chake mwana wa sukulu ku Mbamba Bay, ku Tanzania, amaphunzira za Ziwa Nyasa, pomwe mnzake wa ku Nkhata Bay, tsidya lina la madzi omwewo, amalemba Lake Malawi m'kope mwake.