Petulo, Oyilo ndi Madzi: Kusamala Mafuta a Injini ya Boti

Zikomo amfumu pamodzi ndi nduna zanu potilola kusonkhana pa gombe la Chembe pano, ndiponso zikomo kwa inu abambo, amayi ndi achinyamata amene mumanyamula alendo pa maboti kupita nawo ku zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo. Ndapemphedwa kuti ndilankhule za mafuta a injini, ndipo mfundo yanga yaikulu ndi yakuti injini ikazima pakati pa nyanja, kawirikawiri vuto silikhala kuti injiniyo ndi yakutha ayi, koma kuti zimene tinathira m'thanki sizinali bwino.

Tiyambe ndi petulo amene timagula m'dziko muno, chifukwa ambiri sitidziwa kuti si petulo yekhayekha. Kuyambira m'chaka cha 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wathu wakhala akusakanizidwa ndi ethanol, ndipo mu 2004 kampani ya PressCane inatsegulanso fakitale ina ku Chikwawa. Mlingo wake umasinthasintha, koma umatha kufika pa malita 20 a ethanol m'malita 100 alionse. Dziko limapindula nazo chifukwa ndalama zakunja zogulira mafuta zimachepako, ndipo sindikutsutsana nazo. Komabe makampani opanga injini za maboti, monga Yamaha ndi Mercury, amalemba m'mabuku a injini zawo kuti ethanol asapitirire magawo 10 pa 100 alionse. Popeza pa pampu sitipatsidwa mwayi wosankha, chimene chatsala kwa ife ndi kudziwa khalidwe la mafuta amenewa ndi kuwasamala moyenera.

Khalidwe la ethanol ndi lakuti amakoka chinyezi. Galimoto siivutika kwambiri ndi zimenezi chifukwa thanki yake imakhala yotsekeka bwino ndipo mafuta amatha m'masiku ochepa, pamene thanki ya boti imakhala pamwamba pa madzi tsiku lonse, kabowo kake kopumira kali kotsegula, mafunde akuwaza ndiponso mame akugwa usiku. Poyamba petulo amameza madziwo osaonetsa chizindikiro chilichonse, koma madziwo akafika pafupifupi theka la kapu ya tiyi m'thanki ya malita 25, mafutawo amapatukana. Ethanol amagwirana ndi madzi n'kumira pansi, petulo n'kutsala pamwamba. Tsono kumbukirani kuti payipi imene imapereka mafuta ku injini imayamwa kuchokera pansi pa thanki, kumene kwakhala madziko.

Kwa inu amene muli ndi injini za two-stroke, zimene oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo, monga Yamaha Enduro zimene zadzaza pa gombe lino, apa m'pamene pali ngozi yeniyeni. Oyilo amene munasakaniza amatsalira m'petulo wa pamwamba uja, ndiye injini ikayamwa zapansizo imakhala ikuzungulira popanda chofewetsa zitsulo zake. Mukachita mwayi, injiniyo imangotsokomola n'kuzima. Mukapanda mwayi, pisitoni imatentha n'kumatirira, ndipo ndalama yokonzera imaposa kutali mtengo wa petulo amene munkamvera chisoni kumusiya. Ena amakhutchumula thanki poganiza kuti mafutawo asakanikiranso, koma akapatukana apatukana basi, ndipo ngakhale petulo wotsala pamwambayo amakhala atachepa mphamvu chifukwa ethanol amene wachokamo ndi amene amamuthandiza kuyaka bwino.

Njira yoyesera ndi yapafupi ndipo siifuna ndalama. Pezani botolo la galasi loyera ndi louma, mupoperemo mafuta ochokera pansi pa thanki pogwiritsa ntchito kampira kopopera kamene kali pa payipi ya mafuta, mulikhazike kwa mphindi zingapo, kenako muliyang'ane moloza kowala. Petulo wabwino amaoneka mbee kuyambira pamwamba mpaka pansi. Mukaona kuti wachita chifunga, kapena kuti pansi pali mzere wolekanitsa magawo awiri, musamulowetse m'injini. Chimodzimodzinso ngati wada kapena akununkha ngati vanishi, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro chakuti wagonera nthawi yaitali.

Za kumene timagula mafuta ndilankhula mosamala, popeza ndikudziwa kuti kupita ku malo omwetsera mafuta ku Monkey Bay kumadya nthawi ndi ndalama, ndiponso kuti mafuta akasowa m'dziko, monga tinaonera mu 2011 ndi 2012 komanso m'zaka zaposachedwapa, munthu amagula kumene wawapeza. Si mavenda onse amene amachita chinyengo, koma alipo ena amene amathira palafini kuti malita achuluke. Petulo wa palafini amavuta kulizira injini m'mawa, amafuka utsi wambiri, amachititsa injini kugogoda ikalemedwa, ndipo amasiya mwaye pa mapulagi. Malo amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za mafuta ndi magetsi, ali ndi ubwino wakuti pakakhala vuto mumadziwa kokadandaula. Ngati mwakakamizika kugula kwina, botolo la galasi lija likhale nanu, ndipo pothira mugwiritse ntchito fanulo yokhala ndi sefa. Zigubu zachikasu za mafuta ophikira zimene tinazolowera sizinapangidwire petulo, ndipo zambiri zimafika zili ndi timadzi totsukira tikadali m'kati.

Tsopano tibwere ku oyilo. Pa botolo la oyilo woyenera injini ya two-stroke ya pamadzi pamalembedwa chizindikiro chakuti TC-W3, ndipo chimenechi ndicho muziyamba kufunafuna musanayang'ane mtengo. Oyilo wa galimoto kapena wa njinga zamoto za kabaza sanapangidwe kuti aziyaka pamodzi ndi petulo, ndipo ngakhale oyilo wa makina ochekera matabwa, amene nawonso ndi a two-stroke, ndi wosiyana, chifukwa makinawo amazizira ndi mpweya ndipo amatentha kwambiri, pamene injini yanu imazizira ndi madzi a m'nyanja. Oyilo wolakwika amasiya phulusa m'injini, ndipo phulusalo limamata maring'i a pisitoni pang'onopang'ono.

Mlingo wofala kwambiri ndi gawo limodzi la oyilo pa magawo 50 a petulo. Zimenezi zikutanthauza mamililita 20 a oyilo pa lita imodzi, mamililita 400 pa chigubu cha malita 20, kapena theka la lita pa thanki ya malita 25. Injini zambiri zatsopano zimafuna oyilo wowirikiza kawiri m'maola 10 oyambirira, ndiye kuti gawo limodzi pa magawo 25, ndipo zilipo zina zimene zimafuna gawo limodzi pa magawo 100, choncho buku la injini yanu ndilo lili ndi mawu omaliza, osati mnzanu wa boti loyandikana nalo. Chizolowezi chimene ndimadana nacho ndi choyeza ndi maso, kumangothira mpaka mtundu wa petulo usinthe. Oyilo akachepa injini imapsa, akachuluka mapulagi amanyowa, utsi umatsamwitsa alendo amene akhala kumbuyo, ndipo ndalama zanu zimathera m'madzi. Khalani ndi kabotolo koyezera kokhala ndi mizere. Posakaniza, yambani mwathira petulo pang'ono, muthire oyilo yense, mukhutchumule, kenako mumalizitse petulo wotsalayo. Amene muli ndi injini za four-stroke musathire oyilo m'petulo, popeza oyilo wake ali ndi malo akeake, ndipo ngati pakhomo pali injini za mitundu yonse iwiri, lembani zigubu ndi penti kuti mnyamata amene mwamutuma asasokoneze.

Petulo wa ethanol musamusunge kupitirira mwezi umodzi ngati mungathe. Nthawi ya dzinja, pamene alendo amachepa ndipo maboti ena amakhala pamtunda, chotsani payipi ya mafuta injini ikulira m'madzi kuti imalize amene ali mu kabuleta, chifukwa petulo akaumira m'menemo amasiya zomata zimene zimatseka timabowo take tating'onoting'ono. Thanki ikhale pamthunzi, kabowo kopumira kakhale kotseka pamene simukuigwiritsa ntchito, koma mukumbukire kukatsegula ponyamuka, apo ayi injini idzazima musanapite patali. Muziyang'ananso mapayipi ndi kampira kopopera, pakuti ethanol amadya labala wakale, ndipo tizidutswa take timakathera mu kabuleta momwemo.

Pa nkhani ya kuchuluka kwa mafuta onyamula, oyendetsa maboti m'maiko ambiri amatsata lamulo logawa patatu: gawo limodzi lopitira, lina lobwerera, lachitatu losakhudza. Kuno lamuloli limafunika kwambiri m'miyezi ya June, July ndi August pamene mwera ukuwomba, chifukwa ulendo umene munapita nyanja ili bata mungathe kubwerera mukulimbana ndi mafunde, boti litadzaza anthu, injini ikumwa moposa. Injini ya two-stroke ya mahosipawa 40 ikatsegulidwa mphamvu zonse imatha kumwa malita 15 mpaka 20 pa ola, kutanthauza kuti thanki ya malita 25 siikwana maola awiri. Mukabweza mphamvu pang'ono, liwiro limatsika pang'ono chabe koma mafuta amapulumuka ambiri, ndipo mlendo amene wabwera kudzaona nkhwazi ndi kusambira ndi mbuna sali pa mpikisano.

Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, choncho siiuluka koma imatsikira pansi m'boti n'kudikira moto. Pothira mafuta tsitsani thanki muiike pamchenga, injini ikhale yozima, alendo akhale patali, pasakhale wosuta fodya, ndipo mutalikirane ndi moto wowotchera nsomba. Musadzaze mpaka pakamwa, chifukwa petulo amafufuma dzuwa likatentha.

Mafuta amene apatukana kapena kugonera musawataye m'nyanja kapena kuwakwirira mumchenga. Madzi amene tikugwiramo ntchitowa ali m'dera la Lake Malawi National Park, limene linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha nsomba zake. Nyanjayi ili ndi potulukira pamodzi pokha, mtsinje wa Shire, ndipo madzi ake ambiri amachoka pouma ndi dzuwa, ndiye zimene tathiramo sizichoka msanga, komanso ndi pa gombe lomweli pamene amayi amatunga madzi ndi kutsuka mbale. Mafuta oonongekawo asungeni m'chigubu chotseka ndi cholembedwa bwino, mukawapereke kwa makaniko amene angawagwiritse ntchito potsukira zitsulo.

Amfumu, ngati mungalole, amene abwera ndi mathanki awo awasendeze kuno kumthunzi kuti tiyese mafuta a aliyense m'botolo, ndipo mafunso tiziyankha tikuyesa.