Chilolezo cha ngolo ya chakudya mu mzinda wa New York

Moni nonse omvera, ndakulandirani. Lero ndikufuna tikambirane za ntchito imene ambiri mwa ife obwera timayambira tikafika kuno ku New York, yogulitsa chakudya pa ngolo kapena m'galimoto za m'mphepete mwa msewu, makamaka za malamulo amene khonsolo ya mzinda imayendetsera ntchitoyi.

Pali mapepala awiri, ndipo onse amachokera ku nthambi ya zaumoyo ya mzinda. Loyamba ndi chiphaso cha munthu wogulitsa, chimene aliyense angathe kuchipeza akachita maphunziro aafupi a kasamalidwe ka chakudya. Lachiwiri ndi chilolezo cha ngoloyo, ndipo vuto lonse lagona pamenepa, chifukwa m'chaka cha 1983 khonsolo inaika malire akuti zilolezo za chaka chonse zisapitirire pafupifupi 3,000, ndipo kwa zaka zambiri chiwerengerochi sichinasinthe kwenikweni ngakhale kuti ofuna kugulitsa ankachulukirachulukira.

Chotsatira chake n'chakuti pepala linasanduka malonda. Chilolezo chimene mwini wake amalipira madola 200 pa zaka ziwiri chimabwerekedwa mobisa pa mtengo woposa madola 15,000, ndipo mwini chilolezo angakhale munthu amene anasiya kalekale kuima pa msewu. Ine ndimagwira ntchito pa ngolo ya mtundu umenewu. Abwana anga amadzuka kusanache, amagula zophika, amatilipira ife antchito, koma asanawerenge phindu ayenera kupatula gawo la munthu amene sanagwirepo chiwaya chathu. Kubwereketsa kotereku n'koletsedwa, motero mwini chilolezo akakweza mtengo mwadzidzidzi, wobwereka alibe kokadandaula.

Malamulo aukhondo sindikangana nawo. Ngolo iyenera kupita tsiku lililonse ku malo ovomerezeka otchedwa commissary, kumene imatsukidwa ndi kuthiridwa madzi abwino, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2018 oyendera anayamba kumata zilembo za A, B kapena C zosonyeza mlingo wa ukhondo pa ngolo monga amachitira m'malesitilanti. Wogula akaona A amafika wopanda mantha. Malamulo a poimika ndiwo amafuna kusamala kwambiri: ngolo isayandikire khomo la nyumba kuposa mamita pafupifupi 6, ndipo pali misewu yambiri ku Manhattan imene kugulitsa n'koletsedwa pa maola ena. Mavenda ambiri amalipitsidwa chindapusa chifukwa cha mtunda wa phazi limodzi kapena awiri, osati chifukwa cha chakudya choipa.

Mizinda ina ili ndi njira zake. Ku Chicago, lamulo la 2012 linalola kuphikira m'galimoto, koma linasunga chiletso choimika pasanathe mamita pafupifupi 60 kuchokera pa khomo la lesitilanti, ndiponso linalamula kuti galimoto iliyonse ikhale ndi GPS, chipangizo chosonyeza kumene ili. Khoti lalikulu la Illinois, chigawo chimene muli mzinda wa Chicago, linavomereza lamuloli mu 2019, ndipo kwa ine n'zoonekeratu kuti limateteza eni malesitilanti, osati mimba ya wogula. Ku California anatenga njira ina mu 2018 pamene anakhazikitsa lamulo lakuti kugulitsa m'mphepete mwa msewu kusakhalenso mlandu womangitsa munthu, chinthu chofunika kwambiri kwa obwera amene mlandu wa kupolisi ungawasokonezere mapepala okhalira m'dziko muno.

Kuno ku New York, mabungwe omenyera ufulu wa mavenda monga Street Vendor Project analimbana kwa zaka zambiri mpaka mu 2021 khonsolo inavomereza kutulutsa ziphaso za mtundu watsopano 445, zopatsa munthu mwayi wopeza chilolezo cha ngolo, chaka chilichonse kwa zaka 10. Chimene ndimayamikira pa lamulo limeneli n'chakuti mwini chiphaso chatsopano ayenera kupezeka pa ngolo, kuti asakhale kunyumba n'kumangolandira ndalama. Komabe mndandanda wa odikira ndi wautali, ndipo mu 2023 udindo woyang'anira mavenda unaperekedwa ku nthambi yoona za zinyalala, imene chaka chomwecho inachotsa ogulitsa ambiri opanda zilolezo pa Corona Plaza ku Queens. Choncho m'bale wanga amene mukuganiza zogula ngolo, musanatulutse ndalama funsani kaye kuti chilolezo chili m'dzina la yani ndiponso chitha liti.