Nyimbo ndi yabwino, koma akuimva ndani?

Taonani woyimba uyu. Wajambula nyimbo ku situdiyo, walipira zonse, koma mwezi wachitatu tsopano ikadali mu foni mwake. Amene aimva ndi mayi ake ndi anzake awiri basi. Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna.

Manyazi a pa siteji amachizika. Mzere woyamba wa nyimbo muuyesere mpaka uzituluka wokha, maso aziyang'ana pamwamba pa mitu ya anthu akumbuyo, ndipo zoti mukalankhule pakati pa nyimbo konzeranitu kunyumba. Maikolofoni ikhale zala ziwiri kapena zitatu kuchokera pakamwa. Wamanyazi amaitsitsira pachifuwa, mawu n'kuzimirira, woyendetsa zokuzira mawu n'kukweza mpaka zimayamba kulira mosokosa. Anthu amati simudziwa kuyimba, chikhalirecho vuto linali dzanja.

Oopsa ndi manyazi a mukatsika pa siteji. M'bandi mumakhala wina wolongolola amene amakambirana ndi okonza zoyimba, koma woyimba payekha alibe pobisala. Akamufunsa mtengo amangoti, "Mungondiganizira, bwana." Ndiye amamuganizira ndi mbale ya mpunga. Tchulani mtengo wanu, pemphani theka musanakwere minibasi, ndipo zomwe mwagwirizana zikhale mu uthenga wolembedwa. Potumiza nyimbo ku wailesi, fayilo ikhale ndi dzina lanu ndi mutu wa nyimbo, chifukwa muulutsi sangatchule munthu amene sakumudziwa. Kalembetseninso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo ndi kutolerera oyimba ndalama zawo. Nyimbo yosalembetsa itha kulira chaka chonse ndalama zake osakupezani.

Ganizirani za agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Anayimba kwa zaka zambirimbiri, koma dziko lonse linawatsegulira makutu Patience Namadingo atajambula nawo vidiyo mu 2020, ndipo nyimbo yawo ya "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok ngati moto wolusa. Luso linalipo kale, chinasowa ndi wowaimika pamaso pa kamera. Choncho ngati pakamwa panu ndi polemera, pezani mnzanu wokhulupirika woti azikujambulani ndi kukuimbirani mafoni, ndipo mugwirizaniretu gawo lake.

Komanso kudzichemerera kukanyanya kumathamangitsa anthu. Amene amaponya linki yomweyo ya nyimbo yake m'magulu 20 a WhatsApp m'mawa uliwonse, anthu amangomudumpha, ena amamuchotsa. Dulani kavidiyo ka masekondi 30 koyambira pa kolasi penipeni, osati pa zing'wenyeng'wenye za kumayambiriro, chifukwa chala cha woonera sichidikira. Mawa ikani kena: mukuyeserera pakhonde ndi gitala, kapena mukufotokoza komwe mawu a nyimboyo anachokera. Wina akalemba kuti nyimbo yamukhudza, muyankheni tsiku lomwelo, pomutchula dzina.