Makalata a Omvera: Kodi Ebola ndi Marburg Zimawagwira Bwanji Azachipatala?

Takulandirani omvera athu kulikonse kumene muli. Sabata ino makalata ambiri akukamba za miliri, ndiye tiyambe ndi iyi yochokera ku Karonga. Alemba ndi mayi amene apempha kuti dzina lawo tisatchule.

"Mwana wanga ndi namwino pa chipatala china chaching'ono kufupi ndi malire a Songwe. Chimvereni zoti ku Tanzania kunagwa matenda a Marburg, tulo sindikuona. Pa TV timaona azachipatala atavala zophimba thupi lonse. Nanga kachilomboka kamawalowa bwanji?"

Zikomo mayi, nkhawa yanu ndi yomveka. Marburg inagwadi m'chigawo cha Kagera mu 2023, n'kubweranso kumayambiriro kwa 2025. Kagera ili kumpoto kwenikweni kwa Tanzania, kutali ndi Songwe, koma paja anthu amayenda.

Zovala mukunenazo zimatuluka mliri utadziwika kale, pamene azachipatala ambiri amatenga matendawa tsiku limenelo lisanafike. Wodwala Marburg kapena Ebola, poti awiriwa ndi pachibale, amabwera thupi likutentha, mutu ukuwawa, akusanza, mwina akutsegula m'mimba. Ndani pachipatala sanganene kuti ndi malungo? Namwino amamugwira pamphumi, kumuika diripi, kupukuta masanzi, kusintha nsalu za pabedi, nthawi zina ndi manja okha chifukwa magolovesi anatha. Kachilomboka sikauluka ndi mphepo ngati ka chimfine. Kamakhala m'magazi, m'masanzi, m'chimbudzi, mumkodzo ndi m'malovu a wodwala, ndipo khomo lake ndi maso, mphuno, pakamwa, kapena kabala kakang'ono pachala. Ku Rwanda mu 2024 anthu 66 anadwala Marburg, 15 anamwalira, ndipo ochuluka mwa odwalawo anali ogwira ntchito m'zipatala za mumzinda wa Kigali.

Mwana wanu mumuuze kuti wodwala aliyense wotentha thupi azimufunsa kumene wayenda masabata atatu apitawo, komanso ngati anadwazika munthu kapena kukhudza mtembo kumeneko. Matendawa amatenga masiku 2 mpaka 21 kuti aonekere.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo ena a ku Mchinji, ndipo sanazungulire ayi.

"Ine ndimaona kuti ndi kusasamala basi. Munthu anaphunzira zaka zambirimbiri, ndiye amatiphunzitsa ife kusamba m'manja. Atenga bwanji matenda iye mwini?"

Bambo, apa pokha sindikugwirizana nanu. Mu 2000 ku Gulu, m'dziko la Uganda, amene anayamba kuganiza kuti matenda akupha anthu ndi Ebola, n'kuchenjeza boma, anali Dr Matthew Lukwiya wa pachipatala cha St Mary's Lacor. Ndiye amene anakonza wodi ya odwalawo ndi kulimbikitsa anamwino kuti asathawe. Usiku wina anamudzutsa kuti namwino mnzawo amene anali atadwala akukha magazi ndi kutsokomola koopsa. Anathamanga, navala gauni, magolovesi ndi masiki, koma magalasi oteteza maso sanavale. Anamwalira pa 5 December chaka chomwecho. Munthu ameneyu ngozi yake ankaidziwa kuposa tonsefe. Chinamugwetsa ndi changu chothandiza mnzake pakati pa usiku.

Kenako pali nkhani yovula zovalazo, imene anthu saiganizira. Munthu amatuluka m'wodi thukuta lili chuchuchu, magalasi achita nkhungu, mutu ukuzungulira, poti m'zovala zimenezo ukapirira ola limodzi kunja kukutentha ndiye kuti walimba. Kunja kwa chovalacho kwadzaza masanzi ndi magazi. Ayenera kuvula chimodzichimodzi mwa dongosolo lake, akusamba m'manja ndi madzi a klorini akangochotsa chilichonse. Diso likangomuyabwa n'kulitikita, zatha. N'chifukwa chake pamayenera kukhala mnzake woima poteropo, ntchito yake kungomuyang'ana ndi kumukumbutsa chotsatira. Ngakhale ku Madrid, m'dziko la Spain, m'chipatala chokhala ndi zipangizo zonse, wothandiza anamwino wina anatenga Ebola mu 2014, ndipo iye mwini anati mwina anadzikhudza kumaso ndi golovesi povula.

Mliri wa 2014 mpaka 2016 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone unapha anthu oposa 11,000, ndipo mwa iwowa oposa 500 anali azachipatala. Mmodzi anali Dr Sheik Umar Khan wa ku Kenema, ku Sierra Leone, katswiri wa matenda a mtundu womwewu. Anthuwa ankagwira ntchito ochepa, odwala ali mbwee, sopo ndi madzi zikusowa. Mlandu umenewo ndi wa amene sanawapatse zipangizo ndi anzawo owalandira akatopa.

Yomaliza ndi yaifupi, yochokera kwa mchemwali wina wa ku Zomba.

"Ine ndimakolopa m'wodi ndi kuchapa zofunda. Maphunziro akabwera amaitana anamwino okha. Kodi ife tilibe ngozi? Nanga katemera alipo?"

Achemwali, ngozi muli nayo yaikulu, chifukwa zimene mumagwirazo ndi mmene kachilombo kamakhala. Chimodzimodzi oyendetsa ambulansi ndi a kumotchale, poti mtembo wa munthu womwalira ndi Ebola umakhala ndi kachilombo kochuluka zedi. Mukauze akuluakulu anu kuti akulembeni pa maphunzirowo, ndipo akupatseni magolovesi okhuthala, epuloni ndi nsapato za jombo. Katemera wotchedwa Ervebo anavomerezedwa mu 2019, koma amateteza ku Ebola ya mtundu wa Zaire wokha, osati ku Marburg. Mutilemberenso mutiuze zimene akuyankhani.