Magetsi sadikira kuti muwagwire

Zikomo a mfumu pondipatsa mpata, zikomo nduna, amayi ndi abambo. Inu achinyamata mwakhala kumbuyoko sunthirani kuno, mawu anga masiku ano safika patali.

Mukukaona kanthu aka? Ndi loko wamba, ngati wa pa chitseko cha okala. Zaka zonse zimene ndinagwira ntchito zamagetsi, chimene chinandisunga kwambiri si magolovesi kapena chipewa cholimba chija, koma loko ameneyu. Usanagwire makina kapena nthambo, umathimitsa switchi, n'kukhomapo loko wako, n'kupachikapo kachikwangwani ka dzina lako, kiyi m'thumba. Mukakhala anayi, maloko anayi. Bwana abwere atalusa kuti anthu akudandaula mdima, sangayatse mpaka aliyense atachotsa loko wake ndi dzanja lake. Ukatero umayezanso ngati mphamvu yathadi.

Tsiku lina ndili mnyamata ndinati aa, switchi ndathimitsa ndekha, kuyezanso n'kutaya nthawi. Mdala amene ankandiphunzitsa anandigwira mkono, n'kuikapo choyezera. Chinalira. Mphamvu inkabwerera m'nthambo kuchokera ku jenereta ya munthu wina amene anailumikiza m'nyumba mwake osathimitsa main switch. Ndinakhala pansi miyendo ili njenjenje. Ndiye inu a zigayo, a mabala ndi a mavidiyo amene muli ndi majenereta, dziwani kuti pa polo pakhoza kukhala mwana wa munthu. Itanani wa magetsi wa chiphaso akuikireni switchi yosinthira, imene imadula nthambo za pa polo mukayatsa jenereta.

Chiphasocho amapereka ndi a MERA, bungwe loyang'anira za mphamvu m'dziko muno. Ngakhale makampani aakulu amayendera malamulo awo: a EGENCO amene amapanga magetsi, ndi a ESCOM amene amawanyamula n'kutigulitsa. Kale anali amodzi, anagawana ntchito mu 2017. Tsono ngati kampani yonse imafunika chilolezo, nanga mnyamata wongodziwa kupotokola waya amene mumamupatsa nyumba yonse chifukwa watchipa?

Magetsi athu ambiri amachokera mu Shire: ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Kumeneko mdani wamkulu ndi madzi omwewo amene amazunguza makina. Mukukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu ku Kapichira? Tinataya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo mdima wake tonse tinaulawa, ometa ndi owotcherera akungokhala manja lende. Koma si namondwe yekha. Namasupuni, zitsa ndi mapulasitiki zimatseka zitsulo zosefera madzi polowera ku makina, n'chifukwa chake pa Liwonde pali makina ovuula zomerazo. Matope nawo amakwirira damu. Ife a mbali ino ya Zomba mtsinje wa Likangala umatengera dothi lathu ku nyanja ya Chilwa, koma abale athu a ku Chingale, dothi limene limakokoloka mukalima m'mphepete mwa mtsinje limathera mu Shire. Ndipo amene mumapita kukawedza kumunsi kwa damu, akatsegula zipata madzi amakwera mwadzidzidzi, sakupatsa nthawi yokunga mbedza.

Tsopano tibwere pakhomo, pa thiransifoma yathu ili apo pa msika. Nthambo zolowa pamwamba pake zimanyamula mavoti 11,000, zina 33,000. M'nyumba mwanu mumalowa 230 okha, ndipo 230 yomweyo imapha. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti magetsi amphamvu chonchi sadikira kuti muwagwire. Ukayandikitsa nsungwi yaiwisi yothyolera mango, kapena chitsulo cha denga pomanga, amadumpha mumpweya n'kukupeza. Ndiye mpanda wozungulira thiransifoma uja sanauike kuti amayi aziyanikapo kaunjika, kapena kuti a tchipisi apezepo mthunzi. Ndaona ndi maso anga chiwaya chikuyaka pansi penipeni pa thiransifoma, mwini wake akuseka ndi makasitomala.

Mkati mwa thiransifoma muli mafuta. Ntchito yake n'kuziziritsa ndi kutchinga kuti mawaya asawombane. Akuba akabowola usiku n'kukhetsa mafutawo, thiransifoma imatentha mpaka kupsa, mudzi wonse mumdima, chipatala ndi chigayo pamodzi. Mafuta amenewo si odya, ndipo a m'mathiransifoma akale ena amakhala ndi mankhwala a poizoni otchedwa PCB amene sachoka msanga m'thupi. Akubawo satsika kumwamba, a mfumu, amagona m'nyumba zathu zomwezi. Mukamva phokoso pa polo pakati pa usiku, imbirani apolisi kapena a chitetezo cha m'mudzi, musapiteko nokha.

Nthambo ikaduka n'kugwa pansi nthawi ya mvula, musanene kuti yafa poti magetsi athima. Imani patali, mamita khumi kapena kuposa, muletse ana ndi ziweto, wina aimbire a ESCOM. Ikagwa muli pafupi, musathamange ndi mapazi otalikirana, chifukwa mphamvu imayenda m'nthaka n'kukwera mwendo uno kutsikira winawu. Phatikizani mapazi, muzikhwekhwereza pang'onopang'ono mpaka mutatalikira.

Achinyamata munandifunsa za data center. Ndi nyumba yodzaza makompyuta aakulu osagona usana ndi usiku. Mukatumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money, kapena mukagula mayunitsi, nkhaniyo imakathera m'nyumba zotere. Boma linatsegula yake ku Blantyre mu 2022. Mukalowamo mumamva kuzizira ngati pa phiri la Zomba mu Juni, chifukwa makinawo amatentha, ndipo zoziziritsa zikaima amazima okha. Magetsi akathima, mabatire amayamba kuyendetsa makinawo nthawi yomweyo jenereta isanadzuke. Moto ukabuka, m'malo ambiri sathira madzi, amatulutsa mpweya wapadera wozimitsa, belu litayamba lalira kuti anthu atuluke. Pakhomo sulowa chifukwa mlonda ndi mlamu wako: dzina m'buku, chala pa makina, kamera ikukuona. Zili m'menemo ndi zinsinsi za anthu, ndipo kuyambira 2024 tili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, oliyang'anira ndi a MACRA, bungwe loona za mafoni ndi mawailesi. Nyumbazo zimalumikizana ndi nthambo za fibre zokwiriridwa m'mbali mwa misewu. Ena amafukula poganiza kuti apeza kopa. Mulibe kopa m'menemo, ndi timaulusi ta galasi tosagulika n'komwe, koma akadula netiweki imathawa, mayi ali pa ejenti akudikira ndalama ya mankhwala.

Eya amayi, funsani. Akuti munthu akagwidwa ndi magetsi m'nyumba titani? Choyamba musamugwire, mungakhale awiri. Thamangirani pa bokosi mukathimitse main switch, ndipo lero lomwe mukafika kunyumba muonetse ana onse pamene ili. Ngati simungafikepo, mukankheni ndi mtengo wouma gwaa, inu mutaponda pouma. Zimenezi ndi za m'nyumba zokha, pa nthambo za pa polo mtengo suthandiza. Akadzuka n'kumati ndili bwino, mutengerenibe ku Central Hospital, chifukwa magetsi amapsereza mkati ndipo amatha kusokoneza mtima pakhungu pasakuoneka kanthu. Bambo uko mwakweza mkono, imirirani timve.